Chiuli Abwereketsa Chidindo

Padangokhala, kale lomwe nyama zisanataye makasu n'kuyamba kuba m'minda ya eni. Vomerani kamodzi kokha kuti tili tonse, ana inu, kenako pakamwa mutseke, chifukwa ine ndikadulidwa mawu ndimayambiranso poyamba.

Masiku amenewo nyama iliyonse inali ndi munda wake, ndipo wopanda khasu ankagona ndi njala. Makasu ankagulitsidwa pamsika wa pansi pa mkuyu, ndipo pakati pa msikawo panali mwala waukulu wosalala. Wogula aliyense ankayamba wagogoda khasu pamwalapo. Likalira kuti ngweee, kulirako n'kumapitirira, ndiye kuti chitsulo chinapsa bwino. Likangoti phwa ngati mphika wong'aluka, ankalibweza kwa mwini wake pomwepo, osapepesa. Panalibe wokwiya nazo, unali mwambo.

Koma panali mmisiri mmodzi amene makasu ake sankafika pamwala. Ameneyu anali Chiuli, kanyama kamsana wotuwa kokonda uchi kaja. Kusula anaphunzira kwa malume ake, ndipo malumewo pomwalira anamusiyira nyundo, mvukuto ndi chidindo. Chidindocho chinali kachitsulo kosulidwa ngati chikhadabo, kamene ankakhomera pakhosi pa khasu lililonse lotuluka m'chipala mwawo. Alimi akangoona chikhadabocho ankanyamula khasu n'kumapita. Mpaka ana a pamsika anapekapo nyimbo:

Khasu la wina, gogoda,
Nkhwangwa ya wina, gogoda,
La Chiuli, nyamula uzipita.

Chiuli akamva nyimboyo ankakhala ngati sakumva, koma mtima unkangoti myaa. Ulemu umenewo ankaukonda kuposa uchi, ndipo kwa chiuli amenewo si mawu ochepa.

Tsono mbiri yabwino imabwera ndi katundu wake. Chaka china mitambo itayamba kusonkhana, pakhomo pa chipala panadzaza alimi. Chiuli ankavukuta yekha, kusula yekha, kusema mipini yekha, manja awiri omwewo. Pakati pa odikirawo panali mayi Nkhanga, namfedwa wa anapiye ambiri, amene chiyambire kulima sanagwirepo khasu la mmisiri wina.

"A Chiuli, langa lija latha, latsala ngati chipande," anatero mayi Nkhanga. "Mvula indipeza."

"Mawa, mayi."

Mawa lake anabweranso.

"Mawa, mayi."

Mawa ameneyo anayamba kumuwawa Chiuli m'kamwa. Msika utatha tsiku lina, anapita pansi pa mkuyu kumene amisiri anzake awiri, Njiri ndi Ngaka, ankakonda kukhala, n'kuwafotokozera vuto lake.

Njiri anali atagona chammbali, mimba itatsamira pansi. "Achimwene, inu mukudzipha nokha," anatero. "Ine nyundo ndinaigwira liti? M'chipala mwanga munamera bowa. Kutsidya kwa mtsinje kuli anyani, manja ambirimbiri, ndipo satopa. Iwo amasula, ine n'kumangogulitsa. Mlimi amafuna khasu, safuna kudziwa kuti thukuta linali la yani."

"Nanga anu aja amakana kulira pamwala aja?" anafunsa Chiuli.

"Ena amalira, ena salira. Wogula ali ndi makutu, asankhe yekha. Mwalawo anauikiranji?"

Ngaka, mmisiri wamamba uja, anapukusa mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira china chilichonse. "Khasu limene sindinalikhetsere thukuta si langa," anatero. "Ine miyala yachitsulo ndimakumba ndekha, makala ndimawotcha ndekha, mpini ndimakadula ndekha kuphiri. Ntchito ukaipereka kwa wina, wapereka ndi mtima wake womwe."

"Zoona, a Ngaka," anayankha Njiri. "Ndiye chaka chino mwasula angati?"

Ngaka anadzikulunga n'kukhala ngati nkhata. Ndi mmene amayankhira mafunso ovuta mpaka lero.

Chiuli anabwerera kwawo akulingalira. Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo onse awiri ankanama pang'ono. Mlimi wopanda khasu mvula ikagwa sangadye kunyada kwa Ngaka. Mlimi wothyokedwa khasu pakati pa mzere sangadyenso kunenepa kwa Njiri. Ndiye anati mumtima mwake: mutu umodzi susenza denga. Manja ndibwereka, koma khutu likhala langa.

M'mawa mwake anawoloka mtsinje n'kukapeza Nyani, mkulu wa osula a kutsidya, ali pakati pa utsi ndi phokoso la nyundo. Chiuli sanafulumire. Anakhala nawo masiku angapo akuwaphunzitsa kasulidwe ka malume ake. Anawaonetsa kuti chitsulo sachiviika m'madzi chikadali mbee, amadikira chifiire ngati tsabola wakupsa. Anawaonetsanso chimene amisiri aulesi amadumpha, kuti ukachiviika umachibwezeranso pamakala ozilala, pang'onopang'ono, mpaka chitenge mtundu wa udzu wouma. Ukapanda kutero khasu limaoneka bwino ndithu, limathwa ndithu, koma likakumana ndi chitsa limasweka ngati phale.

"Pangano lathu ndi ili," anatero Chiuli. "Inu muzisula n'kumandibweretsera. Ine ndizigogoda lililonse pamwala wa kuseri kwa chipala changa. Lolira ndidinda. Losalira mubwerera nalo."

"Palibe chovuta, a Chiuli," anatero Nyani.

Ndipo musaganize kuti zinavuta. Zinayenda bwino kwabasi. Anyani ankabwera ndi mitolo ya makasu pamutu, Chiuli n'kukhala pamwala wake. Ngweee, dinda. Ngweee, dinda. Phwa, bwerera nalo. Poyamba obwerera anali ambiri, ndipo anyani ankang'ung'udza powoloka nawo mtsinje kachiwiri. Koma kung'ung'udzako kunawaphunzitsa, obwerera anayamba kuchepa. Mayi Nkhanga analandira khasu lawo mvula isanagwe, anadzala ndi mvula yoyamba, ndipo chaka chimenecho anapiye awo ananenepa mpaka kuyenda mopendama. Ngakhale Ngaka analitenga khasu limodzi, kulitembenuza uku ndi uku, kulinunkhiza, n'kulibweza osanena kanthu. Kwa Ngaka kumeneko ndiye kuyamikira.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa munthu sagwa pamene pali poterera poonekera. Amagwa pamene wazolowera.

Chiuli anapeza nthawi imene anali asanakhalepo nayo. Anayamba kutsata mbalame yolondolera njuchi ija, kukafula uchi kutali, kubwerako ndevu zili noninoni. Mitolo ikafika ankati, aa, anyaniwa tsopano adziwa. Pamtolo wonse ankagogoda limodzi lapamwamba, likalira n'kudinda onse. Kenako ngakhale limodzilo analeka. Alimi a kutali nawo anamva mbiri ya chikhadabo, ndipo uthenga umene Chiuli ankatumiza kutsidya unasanduka umodzi wokhawokha: ambiri, msanga. Ambiri, msanga.

Tsiku lina Nyani anabwera yekha n'kukhala pakhomo mwaulemu.

"A Chiuli, ndili ndi kamfundo. Chidindo chimalowa bwino chitsulo chikadali chamoto, inu mukudziwa. Komanso anyamata akudandaula, kusenza makasu kubwera nawo kuno, kuwasenzanso kupita nawo kumsika. Bwanji mutibwereke chidindocho, tizidindira komweko, makasu azingolunjika kumsika?"

Chiuli anakachitenga chidindo pamene ankachisunga, kudenga, n'kuchigwira m'manja kanthawi. Chinali chosalala ndi manja a malume ake. Koma anayang'ana mulu wa makasu odikira kudindidwa, anamva mbalame ija ikuitana m'mtengo, n'kunena kuti, "Musachitaye."

"Tichitaya bwanji chinthu chamtengo chotere?" anatero Nyani.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi mphamvu. Mayi Nkhanga anali atapatsa mwana wawo wamkulu khasu lakale lija, iwo n'kugula latsopano. Monga mwa masiku onse anangoona chikhadabo, ananyamula, n'kumapita. Patangopita masiku ochepa anatulukira pachipala, zidutswa ziwiri za khasu atazikulunga m'masamba, akutsimphina. Chidutswa chinali chitawatema mwendo.

Chiuli anakonzeka kulalatiridwa. Koma mayi Nkhanga anakhala pansi n'kuwerama.

"A Chiuli, mundikhululukire, ndakuwonongerani khasu. Kaya ndi ukalamba, kaya ndamenya mwala osauona. Khasu lanu silingasweke lokha, ndikudziwa. Ndangoti ndidzakuuzeni, mungamve kwa ena kuti Nkhanga sasamala zinthu."

Ana inu, kutukwanidwa kuli bwino. Mawu amenewo anamulasa Chiuli pamtima penipeni. Anachita manyazi mpaka msana wotuwa uja unatuluka thukuta. Anathamanga kumsika, anatenga khasu lina pamulu wake, n'kuwapatsa mayiwo ulere. Mayi Nkhanga anathokoza kwambiri, ananyamula, n'kumapita.

Atangochoka, Chiuli anasenza mulu wonse wotsala n'kupita nawo kuseri kwa chipala, kumwala wake uja. Pamwalapo panali patayanga udzu. Anaupalira, n'kutenga khasu loyamba.

Phwa.

Lachiwiri. Phwa.

Lachitatu. Phwa.

Anagogoda mpaka mulu unatha, ndipo olira sanakwane ndi dzanja limodzi lomwe. Anakhala pansi miyendo ili tambalale. Kenako anakumbukira kuti khasu limene wangopereka kwa mayi Nkhanga lachokera pamulu womwewo. Anathamangira kumunda kwawo, koma anakapeza lasweka kale. Mayiwo anali akupalasa nthaka ndi zikhadabo, anapiye ali pambuyo, minda ya anzawo itamera kale. Ndipo sanali iwo okha. Njira yonse yobwerera ankaona alimi atakhala pamizere yosatha, mipini yopanda makasu ili m'manja.

Podutsa pamsika anamva kulira kumene anali atakusowa: ngweee. Anatembenuka. Mlimi wina anali pamwala akugogoda khasu lachilendo, lokhala ndi chizindikiro cha mchira wopindika. Chiuli analipempha n'kuliyang'anitsitsa. Kasulidwe kake kanali ka malume ake, mtundu wa udzu wouma uli pompo.

"Mwagula kwa yani?"

"Kwa anyani a kutsidya. Ayamba kugulitsa awoawo. Ngabwino, onse akulira."

Chiuli anawoloka mtsinje osayang'ana ndi pomwe akuponda. Mukudziwa ukali wa chiuli, ngakhale mkango umapatuka. Anafika pachipala cha anyani ubweya uli njo, koma chimene anaona chinamuimitsa. Nyani anali atakhala pamwala wosalala, akugogoda makasu limodzilimodzi. Lolira ankaliponya kudzanja lamanja, losalira kudzanja lamanzere. Kumanja wina ankadinda mchira. Kumanzere wina ankadinda chikhadabo.

"Mukutani?" anafunsa Chiuli.

"Tikugogoda, a Chiuli. Si munatiphunzitsa ndinu?" Nyani sanathawe, sanabisenso kanthu. "Khalani pansi, mwayenda."

"Oipa mukudinda dzina langa."

"Eya. Athuwa dzina lake n'latsopano, aliyense amawagogoda pamsika. Tikaika mchira pa losalira, atibwezera pomwepo, anthu akuona. Anu sagogodedwa. Tsono osalirawa tiwataye? Makala tinawotcha, thukuta tinakhetsa."

"Ndinakuphunzitsani kubwezera pamoto."

"Munatiphunzitsa, ndipo sitinaiwale, onani muluwo. Koma kubwezera pamoto kumadya nthawi. Inu uthenga wanu unali wotani? Ambiri, msanga. Chaka chino sindinamvepo mukuti olimba. Chaka chatha tinkaopa mwala wanu. Chaka chino mwala wanu uli kuti?" Nyani anagogoda lina, linalira, analiponya kumanja. "Sindikuti tachita bwino, a Chiuli. Koma ndikufunseni chimodzi. Chiperekereni chidindo, munabwerako kangati kuno?"

Chiuli ankafuna kuluma wina, ndipo atayang'anayang'ana anapeza kuti woyenera kulumidwa ndi iye mwini. Ubweya uja unagona. Anangotambasula dzanja, Nyani anamupatsa chidindo chake chikadali chofunda, n'kubwerera.

Pansi pa mkuyu anzake aja anali atamva kale.

"Ndinanena ine," anatero Ngaka. "Ntchito sapereka kwa wina."

"Ayi, a Ngaka, simunanene," anayankha Chiuli mofatsa. "Khasu munalinunkhiza lija, munalibweza osapeza chilema lija, anasula anyani omwewa. Manja awo analibe mlandu. Ine ndi amene ndinachotsa khutu."

"Ndiye mukudandauliranji?" anatero Njiri akuseka. "Chikhadabocho chatha ntchito, chitayeni mumtsinje. Sulani chidindo china, kaya cha njuchi, kaya cha chiyani. Alimi sachedwa kuiwala. Ine ndasinthapo kangapo."

Chiuli anachiyang'ana chidindo chija. Kuchitaya kunali kosavuta, ndipo mwina Njiri sankanama. Koma anaganiza za mayi Nkhanga akupepesa chifukwa cha khasu limene silinali kulakwa kwawo, ndipo anaona kuti akabisala kuseri kwa dzina lina, kupepesa kumeneko kukhala pamutu pawo mpaka kale.

"Ndinaipitsa ndi ichi," anatero. "Ndikonza ndi chomwechi."

Anayenda munda ndi munda akutolera zidutswa, ndipo paliponse ankanena mawu omwewo: "Simunamenye mwala ayi. Khasulo linali loipa, ndipo ndinalola dzina langa likhalepo osaligogoda." Ena anamutukwana, ena anangomuyang'ana. Mayi Nkhanga atamva anati, "Ndiye sunali ukalamba?" Chiuli anati, "Sunali, mayi." Iwo anangoti, "Oo," n'kupitiriza kupalasa. Chaka chimenecho anakolola zosakwana, ndipo anapiye awo anagawidwa kwa achibale kuti asafe ndi njala.

Chilimwe chonse Chiuli anali m'chipala. Uchi anauiwala. Zidutswa zija anazisungunula n'kuzisulanso, ndipo ntchito itamuchulukira anabwereranso kutsidya, pakuti manja awiri ndi awiri basi. Koma tsopano chidindo chinkagona kudenga kwake, ndipo khasu lililonse, la anyani ngakhale lake lomwe, linkayamba ladutsa pamwala wa kuseri. Khasu la mayi Nkhanga analisula yekha. Analibwezera pamoto mosamala ngati akuwotchera wodwala chimanga, anasankha mpini wopanda mfundo, n'kuusalaza. Chiyambire kusula anali asanapangepo khasu ngati limenelo.

Mitambo itayambanso kusonkhana, anayala makasu ake pamsika. Alimi ankadutsa, kuyang'ana chikhadabo, n'kupitirira. Dzuwa litakwera, mayi Nkhanga anafika.

"Mwadzuka bwanji, a Chiuli?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu. Ili ndi lanu. Ndasula ndekha."

Mayi Nkhanga analilandira ndi manja awiri, anathokoza, analiyang'ana mbali zonse. Chiuli anadikira kuti alikoleke paphewa azipita monga kale. Koma mayiwo anatembenuka, n'kuyamba kutsimphina kulunjika pakati pa msika. Phokoso linatha. Ana oimba aja anangoti kukamwa yasa. Chiyambire nthawi ya malume ake, chikhadabo chinali chisanakhudzepo mwala umenewo.

Mayi Nkhanga anagogoda.

Ngweee.

Kulirako kunamveka mpaka kumapeto kwa msika. Mayiwo anapendeka mutu, anadikira mpaka kuthe, analitembenuza khasu, n'kugogodanso mbali inayo.

Ngweee.

Anabwerera pang'onopang'ono n'kuima pamaso pa Chiuli.

"Lili bwino, a Chiuli."

"Ndimadziwa, mayi."

"Inu mumadziwa," anatero mayi Nkhanga. "Ine ndimafuna ndidziwe ndekha."

Analikoleka paphewa n'kumapita. Alimi ena ataona anayamba kufika, aliyense kutola khasu la chikhadabo n'kukaima pamzere wa kumwala. Makasu onse analira, ndipo onse anagulidwa. Chiuli anakhala pamphasa pake akumvetsera makasu ake akugogodedwa limodzilimodzi ngati a wina aliyense, ndipo kulira kulikonse kunkamukondweretsa n'kumupweteka nthawi imodzi. Anasula makasu abwino mpaka ukalamba wake, koma panalibenso mlimi amene ananyamula lake osayamba wapita nalo kumwala.

Nthano yanga yathera pamenepa, amene anakwirira mbatata akaphule isanapserere. Koma musanabalalike tengani ichi: ntchito ukhoza kutuma mnzako, koma pamene pakhale dzina lako, khutu ndi diso satuma.